Nyumba ya Anesi pa Kalembera wa 1926

Ine ndine Peterson Mulipa. Ngati munadutsapo pa Khonjeni, munaiona sitolo ya malata yokhala ndi khonde lalitali, ili ndi makina awiri osokera panja pake. Ndi yanga imeneyo, ndipo palibe anandisiyira. Ndinachoka kwathu ndili ndi nsalu imodzi ndi chinangwa chootcha m'manja. Ku Bera ndinanyamula katundu padoko mpaka phewa linachita chikhutu. Ku Halale ndinaphikira azungu atatu, ndipo onse analira nditatsanzika. Ndinalowa pansi pa nthaka mu mgodi wa malasha kupitirira Bulawayo, ndinatulukamo wamoyo. Joni ndinampondanso ndi mapazi awa. Ndimayankhula Chilomwe, Chinyanja, Chiyao, Chisena, Chingerezi ndi chiyankhulo cha m'migodi, ndipo kulemba ndinadziphunzitsa ndekha pa matumba a ufa.

Choncho pamene boma linafuna anthu odziwa pensulo kuti athandize kalembera wa anthu m'chaka cha 1926, sindinadabwe kuti dzina langa linali loyamba. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera kunja, ndili ndi jekete yoyera, chipewa cha nthenga ndi nsapato zolira poyenda.

Tinasonkhana pa boma la Thyolo anthu khumi ndi awiri. Amene anatiphunzitsa anali a Anderson, kalaliki wamkulu, bambo woonda wa mawu apansipansi. Anatigawira mafomu natiwonetsa mizere yake. Mzere wa amuna, wa akazi, wa ana, wa mtundu wa munthu, ndiponso mzere wina kumapeto, wa anthu a pakhomopo amene ali kunja kwa dziko. Pa mzere wa mtundu, ife Alomwe anatilemba kuti Anguru, dzina limene sitilikonda, koma a Anderson anati fomu si yathu yokonza.

“Mverani bwino,” anatero. “Muziyenda nyumba ndi nyumba. Muzifunsa pakhomo, mwini nyumba ali yekha. Osasonkhanitsa anthu ngati bwalo la milandu. Ku esiteti, kapitawo akulozereni njira basi, asaime pamene mukufunsa. Nyumba mukaiwerenga, ilembeni choko pachitseko kuti musaibwereze. Ndipo chachikulu ndi ichi: lembani zimene mwauzidwa. Zimene mukudziwa inuyo siyani kunyumba.”

Ndinaseka pang'ono. “A Anderson, ine ndinawerengapo matumba a shuga zikwi zitatu padoko la Bera dzuwa lisanapendeke. Anthu a m'mudzi angandivute?”

“Matumba sayankha, a Mulipa,” anatero, napitiriza kugawa choko.

Anandipatsa midzi ya pa esiteti ina ya kumunsi kwa phiri. Dzina lake sindilitchula. Masiku amenewo tiyi anali akufalikira, ndipo kulikonse munkamva nkhwangwa ndi utsi wa mitengo yotenthedwa. Anthu okhala pa malo a mzunguyo ankaloledwa kumanga nyumba ndi kulima kamunda, malinga mwamuna wa pakhomopo azigwira thangata miyezi yake. Mkazi amene mwamuna wake ali kuulendo ankamusiya, azipalira tiyi m'malo mwake, poti bwana ankayembekeza kuti manja a mwamunayo adzabwera tsiku lina. Koma wamasiye ayi. Pa esiteti imeneyo wamasiye ankamupatsa masiku ochepa, nyumba nkuphwasulidwa, pamalopo nkubzala tiyi. Zonsezi ndinkazidziwa.

Masiku awiri oyamba ndinachita monga anatiuzira. Ndinakwera zitunda, ndinatsika m'makhwawa, nsapato zanga zinafiira ndi dothi. Tsiku lachitatu ndinati ayi, munthu ngati ine sindingamayende ngati wogulitsa nsomba zouma. Ndinauza kapitawo wa kumeneko, a Dixon, kuti andipezere tebulo ndi mpando, aziike pansi pa mtengo wa mbawa pakati pa mudzi, anthu onse abwere pamenepo.

A Dixon anali munthu wamkulu thupi, wosakonda kuyankhula. Anandiyang'ana nati, “Anzanu akuyenda khomo ndi khomo.”

“Anzangawo sanaone mmene azungu amagwirira ntchito ku Joni. Bweretsani tebulo, achimwene.”

Tebulo linabwera. Linali Loweruka masana anthu ataweruka, ndipo anadzaza pamthunzi, ena atakhala pamizu, ena ataima. Ngakhale khukhi wa bwana ndi mlonda wa ku fakitale anabwera kudzaonerera. Ntchito inayenda ngati madzi. Ndinkafunsa, ndinkalemba, ndinkaponyamo nthabwala, anthu nkumaseka. Gogo wina anakana kutchula chiwerengero cha adzukulu ake, akuti ana sawerengedwa ngati nkhuku, ndiye ndinamuuza kuti angotchula maina, ine nkumapinda zala pansi pa tebulo. Anthu anaomba m'manja. Ndinamva kukoma.

Kenaka panabwera mayi wina wamng'ono thupi, atavala chilundu chakuda chofwifwa, akutsogoza mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi. Anagwada chapatali. Pambuyo pake panaima bambo wachikulire wa ndevu zoyera, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi a Jonas, malume ake a mayiyo, mkulu wa mpingo.

“Dzina, mayi?”

“Anesi.”

“Mumagona angati m'nyumba mwanu?”

“Ine ndi mwanayu, Ellen.”

“Bambo a mwanayu?”

“Ali kuulendo.”

Pamenepo ntchito yanga inali yongoika kamzere kamodzi kumapeto kwa fomu. Koma mawu akuti ulendo ndikawamva, ine magazi amathamanga.

“Kuulendo kuti? Nenani, mayi, palibe kumene sindinafike ine.”

“Kumigodi.”

“Migodi ndi yambiri. Dzina lawo ndani?”

A Jonas anatsokomola. Mayiyo anati chapansipansi, “A Zakeyu. A Zakeyu Namaona.”

Ndinamenya tebulo ndi chikhato. “Zakeyu Namaona! Wa chala chodukayu? Woimba nyimbo za Chilomwe pokankha ngolo? Anthu inu, dziko ndi laling'ono! Tinkagona kompaundi imodzi ameneyo, tinkadya mbale imodzi. Ha, munthu wabwino uja. Chifuwa cha m'mgodi n'choipa. Maliro ake ndinanyamula nawo ine, ndi manja awa, zaka zitatu zapitazo.”

Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione mmene anthu akudabwira. Palibe anadabwa. Palibe anaseka, palibe anafuula. Amayi onse anayang'ana pansi. A Dixon anatembenuka nayamba kuyang'ana kuphiri ngati kuli china chake. Khukhi wa bwana yekha ndi amene anatong'ola maso, nasuzumira kwa mlonda.

“Mwasokoneza, a kalaliki,” anatero a Jonas. “A Zakeyu ndi ambiri.”

Munthu wanzeru akanagwira chingwe chimenecho. Ine ndinamva ngati akundiyesa wabodza pamaso pa anthu.

“Bambo, ine sindisokoneza munthu. Anali ndi chipsera apa pachipumi, anati anagwa mu mtengo wa mango ali mnyamata. Ankatchula mwana wake Ellen tsiku ndi tsiku. Kodi kalata sinafike? Tinalembetsa kalata ife.”

Nditatchula kalata m'pamene ndinaona nkhope ya a Jonas ikugwa, ndipo ndinazindikira. Kalata inafika. Inafika kalekale.

Anesi sanandiyang'ane. Anamasula dzanja la mwana wake pang'onopang'ono, naika manja onse awiri kumutu. Liwu limene linatuluka m'kamwa mwake sindinalimvepo kwina kulikonse, ngakhale kumgodi tsiku limene denga linagwera anthu. Linayamba laling'ono ngati la mwana, nkumakula. Anaitana mwamuna wake m'Chilomwe, anamufunsa chifukwa chake anamusiya pa malo a eni, anamuuza kuti denga likudontha. Amayi anzake anamuzungulira, mmodzi anayamba, wina natsatira, mpaka mudzi wonse unali pamaliro dzuwa likuswa mtengo. Mtsikana uja anangoima, akuyang'ana ine.

Anthu atamutengera kunyumba, ndinatsala ndi a Jonas ndi a Dixon pa tebulo langa lija.

“Kalata ndinawerenga ndine,” anatero a Jonas. “Ndinamuwerengera Anesi kuseri kwa nkhokwe. Anafuna kulira, ndinamutseka pakamwa ndi dzanja ili. Ine mkulu wa mpingo. Ndinati mwana wanga, ukalira, mawa ulibe nyumba. Amayi ake agona kumanda kuseri uku. Mwana wake woyamba agona pomwepo. Kwa Apwitikizi kumene tinachokera kulibe ngakhale chitsa chathu. Apite kuti? Zaka zitatu sanamete, sanavale chamaliro, sanagwetse msozi pamaso pa munthu. Mudzi wonse unasunga pakamwa. Ngakhale ana.”

Ndinatembenukira kwa a Dixon. “Nanunso mumadziwa?”

“Ine sindinamve kanthu,” anatero a Dixon. “Zaka zitatu ndakhala wosamva, ndipo zinkandiyendera bwino. Lero mwandimvetsa, pamaso pa khukhi ndi mlonda. Bwana akamva kwa iwo ine ndisananene, ochoka tikhala awiri.”

“Dikirani,” ndinatero. Ndinatenga pensulo, ndinaika kamzere kakuda bii pa mzere wa amene ali kunja. “Onani. Boma lalemba kuti Zakeyu ali moyo, ali kuulendo. Ndani angatsutse boma?”

“Pepala lanulo likupita ku Zomba,” anatero a Dixon. “Bwana sadya ndi pepala. Amadya ndi khukhi.”

Ine si munthu wogonja msanga. Lolemba m'mawa ndinachapa jekete, ndinapukuta nsapato, ndinapita ku ofesi ya esiteti. Ndinadikira pakhonde mpaka dzuwa linafika pamutu. Bwana atatuluka ndinamuyankhula Chingerezi changa chabwino koposa, chija chinkasangalatsa adona a ku Halale. Ndinamuuza kuti ndinalakwitsa, kuti wakufayo anali Zakeyu wina wa ku Mulanje, kuti dzuwa linandizunguza mutu. Sindinadzichepetsepo chotero kwa munthu aliyense.

Anandimvetsera akudzaza fodya m'kaliwo. Kenaka anafunsa, “Ngati mwamunayo ali moyo, mkaziyo wameteranji?”

Sindinadziwe kuti wameta. Ndinathamanga mpaka kumudzi, nsapato m'manja. Ndinampeza atakhala pamphasa pakhonde, mutu uli mbee, amayi awiri ali pambali pake. Tsitsi anali atalikwirira kale.

“Mayi, mwafulumiriranji? Ndikanakonza ine! Ndinali nditayamba kale kukonza!”

“Ndalira kale, a kalaliki,” anatero. “Misozi sibwerera m'maso. Ndikanati ndibisenso, ndikanamuuza chiyani mwanayu? Wamva yekha ndi makutu ake.”

Bwana anamupatsa Anesi masabata awiri kuti asamuke. Ndinayesa zonse. Ndinapita kwa a Anderson pa boma, ndinawafotokozera, osabisa ngakhale za tebulo. Sanandikalipire. Anavula magalasi nati boma linatituma kuwerenga anthu, za malo a esiteti lilibe nazo mawu pa nkhani ngati iyi. Anandifunsa ngati ndatsiriza midzi yanga. Ndinati yatsala inayi. Anati ndikaitsirize, khomo ndi khomo. Ndinatero, koma mbiri inali itanditsogolera. Ndikafika pakhomo, amayi ankayankha mawu amodzi amodzi, maso ali kumbali, ndipo pa funso la amene ali kunja aliyense ankati palibe. Ndikudziwa kuti m'midzi inayi imeneyo munali amuna oposa makumi atatu amene anali kumigodi. Pa mafomu anga palibe ngakhale mmodzi.

A Jonas anapeza wachibale wakutali cha ku Makwasa, kunja kwa malo a esiteti, amene anavomera kupatsa Anesi kachigawo ka munda pa phiri la miyala. Tsiku losamuka ndinapita m'mamawa, ndinati mwina ndinyamuleko kanthu. Ndinapeza anyamata a esiteti atayamba kale kusasula udzu padenga. A Dixon anaima poteropo ndi ndodo yawo, osayang'ana munthu. Chinangwa cha m'munda chinali chisanakhwime, koma amayi anzake anali kuzula chomwecho, timizu tonga zala, kuti chisatsalire tiyi. Nyemba za kalongonda anazithyola zosakhwima nkuziika m'dengu.

Katundu yense anali mphasa ziwiri, mtondo, miphika itatu, khasu, ndi chitseko. Chitsekocho anapala ndi Zakeyu mwini, ndipo Anesi anakana kuchisiya. Ndinachisenza ine. Ndanyamulapo matumba olemera kuposa munthu, koma chitseko chimenecho chinandipweteka khosi tisanafike n'komwe pamtsinje.

Tinadzera kumanda. Anesi anatiuza tidikire panjira, analowa yekha m'mitengo. Sanakhalitse. Atatuluka anali ndi dothi m'mawondo, ndipo tinapitiriza ulendo, a Jonas patsogolo ndi mwana, ife awiri pambuyo.

Titakwera chitunda chachiwiri anati, “Tulani, mupume.” Ndinatsamiritsa chitseko pamtengo. Kumunsi tinkaona mizere ya tiyi wamng'ono, ndi kadontho kofiira pamene panali nyumba yake.

“A kalaliki, ndikufunseni. Munati munanyamula nawo.”

“Ee, mayi.”

“Anawaika bwanji?”

Tsopano ndinene zimene sindinauzepo munthu. Zakeyu ndinkamudziwa, zimenezo n'zoona, ndipo mbale tinadyeradi imodzi. Koma maliro ake sindinanyamule, ndipo kalata ija sindinaione n'komwe. Tsiku limene anamwalira linali Lamlungu, ine ndinali nditapita kutauni kukajambulitsa chithunzi ndi suti yanga yatsopano. Ndinabwera madzulo nkupeza bedi lake lili ndi munthu wina. Pansi pa mbawa paja ndinangowonjezera, monga ndimachitira, kuti nkhani ikome.

Anesi anali akundiyang'ana koyamba chiyambire. Ndinatsegula pakamwa, ndipo mawu anabwera okha.

Ndinamuuza kuti tinamusambitsa ife Alomwe anzake, ndi madzi ofunda. Kuti tinamukulunga m'nsalu yoyera yatsopano, mikono isanu ndi umodzi. Kuti bokosi linali la matabwa opala bwino, ndipo tinanyamula anthu asanu ndi mmodzi, ine kutsogolo kudzanja lamanja. Kuti kunabwera mlaliki, tinaimba nyimbo ziwiri za mpingo ndi imodzi ya kwathu, ija ankaikonda pokankha ngolo, mpaka Mandebele ndi Masena amene sankamva mawu ake analira nafe. Kuti manda ake ali pokwera, pansi pa mtengo wa mthunzi, ndipo tinaloza mutu wake kuno kwathu. Ndinayankhula nthawi yaitali. Sindinayankhulepo bwino chotero.

Anamvetsera mpaka ndinatsiriza. Anathyola kaudzu nayamba kukapotokola pachala.

“Kalata inati anawaika anthu anayi dzenje limodzi,” anatero. “Inati anawakulunga m'mabulangete awo, ndipo anzawo anali pantchito, anakwirira ndi akaidi.”

Ndinayang'ana nsapato zanga.

“Malume anawerenga kawiri, ndinawapempha. Ndakhala ndikuliona dzenje limenelo zaka zitatu, popalira, potunga madzi.” Anataya kaudzu kaja. “Koma zanuzi n'zabwino. Mtengowo mwati unali wanji?”

“Mkuyu,” ndinatero.

“Mkuyu.” Anagwedeza mutu. “Mwanayu akadzafunsa, ndidzamuuza zanuzi. Mukadzakumana naye atakula, musadzasinthe. Mkuyu, nsalu yoyera, anthu asanu ndi mmodzi.”

“Sindidzasintha, mayi.”

Anadzuka nasenza dengu lake. A Jonas anali atafika kale patali, akutikodola ndi dzanja. Ndinawerama kuti ndinyamule chitseko, koma Anesi anaitana mnyamata wina wa ku Makwasa amene anabwera kudzawachingamira, namuuza kuti alandire.

“Inu bwererani pano, a kalaliki,” anatero. “Kumene tikupitaku sindifuna adziwe kuti mumatidziwa.”

Ndinaima pachitundapo mpaka anakhota kuseri kwa miyala.